Kompyuta Yanga Inaimba Pamaliro

Lachiwiri la sabata yatha ndinafunditsa kompyuta mabulangete awiri ndi chitenje. Musaseke, abale. Sindinapenge ayi, ndinali ndi mantha.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti chisiyireni ntchito ya muofesi ndimatayipira anthu makalata kunyumba kwanga ku Kawale. Taipilaita ndinaipumitsa chaka chatha nditagula kompyuta yakale ku ofesi ina imene inkatsekedwa. Makinawa ndi abwino, koma ali ndi khalidwe limodzi loipa. Ukawayatsa amayamba ang'ung'udza kwa mphindi ziwiri, kenako amaimba kanyimbo kachisangalalo, kokweza ngati belu la kusukulu. Masipika ake ali m'kati mwa sikirini momwemo, alibe potembenuza ngati wailesi. Voliyumu umatsitsa ndi mausi, ndiye kuti makina atayaka kale, kanyimbo katatha. Ukazimitsa amaiwala zonse, mawa lake n'kuyambiranso pamwamba pomwe paja.

Ine ndinali nditazolowera moti sindinkakamvanso n'komwe.

Nyumba yathu ndi zija zogundizana, khoma limodzi mabanja awiri, siling'i palibe. Kuseri kwa khomalo kumakhala banja la a Mhango, anthu a ku Rumphi, ofatsa ndi aulemu. A Mhango anali akudwala, ndipo Lolemba m'mawa anatisiya.

Mwambo wake mukuudziwa. Akaika masamba pamsewu, wailesi zonse mumzere zimazima. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Munthu woliza kaseti pafupi ndi maliro saiwalika. Zaka zimapita, ana amakula, koma iye dzina lake limakhalabe "uja analiza nyimbo pamaliro a uje".

Lachiwiri m'mawa a Gondwe, mkulu wa mpingo wa a Mhango, anagogoda pakhomo panga atanyamula pepala lolemba pamanja. Inali mbiri ya malemu, yoti ikawerengedwe kutchalitchi masana thupi lisananyamuke ulendo wa kumpoto. Anati akuifuna yotayipa bwino ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa wokawerengayo ndi wachikulire ndipo maso amamuvuta. Mukanakhala inu mukanakana? Ndinalandira ndi manja awiri. Atangotembenuka m'pamene ndinakumbukira kanyimbo kaja.

Ndinatsitsa taipilaita pamwamba pa kabati, koma riboni yake inauma kalekale. Ndinasuzumira kumbuyo kwa kompyuta kuti mwina ndizule waya wa masipika. Mawaya ake ndi ambiri, onse ofanana, ndipo amene anandilumikizira anandichenjeza kuti ndisadzawakhudze. Ndinaganizanso zokachenjeza anthu. Koma ukanena chiyani kwa anamfedwa? Kuti pepani, pakhala kanyimbo pang'ono?

Ndiye ndinapanga pulani, ndipo panthawiyo ndinkadziona wochenjera. Amayi a kumpingo anali pabalaza la a Mhango akuimba nyimbo za Chitumbuka, azibambo atakhala pamabenchi kunsi kwa windo langa. Ndinatseka windo, ndinafunditsa makina, n'kudikira nyimbo yamphamvu ija imene amuna panja amalandira. Itafika pachimake ndinadina batani.

Ndinaiwala mphindi ziwiri zija.

Nyimbo inali pandime yomaliza. Makina akung'ung'udza pansi pa mabulangete, ine ndikupempha chamumtima kuti abwereze kolasi. Sanabwereze. Kunangoti zii. Ndinamva mawu a abusa kuseri kwa khoma akuti, "Tiyeni tilombe," ndiko kuti tipemphere. Anangotchula mawu awiri kapena atatu, kompyuta yanga n'kuimba.

Mabulangete sanathandize kanthu. Kanyimboko n'kakafupi, sikafika ngakhale masekondi khumi, koma ine ndinaona ngati sikatha. Abusa anaima pang'ono, kenako anapitiriza. Panja bambo wina anatsokomola. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake, kufunsa ngati mwini nyumbayo mutu wake ukuyenda bwino.

Ndinachotsa mabulangete n'kuyamba kutayipa. Dzina la mudzi wa malemu ndinalilakwitsa kawiri, ine amene ndatayipa zaka makumi awiri. Nthawi yonseyo maso anali pababu, kuopa kuti magetsi angathime n'kufunika kuyatsanso. Nditapereka mapepala, a Gondwe anangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo amama, osandiyang'ana kumaso. Kaya anali ndi zambiri m'mutu, kaya anandikwiyira, sindikudziwa mpaka lero.

Maliro ananyamuka masana omwewo. Ine ndinatsala ndi nkhawa yanga. Sabata yonse ndakhala ndikuyeza moni wa anthu. Amayi ogulitsa tomato pakona anandiyankha mwachidule, ndiye ndinati amva. Atsikana awiri anaseka ndikudutsa, ndinati akuseka ine. Mwina zonsezi zinali m'mutu mwanga. Koma tikukhala m'tauni, kutali ndi abale athu, ndipo tsiku likadzandigwera ine, odzandiimbira ndi kundiphikira ndi anthu omwewa. Ndinkaopa kwambiri Amayi Mhango, kuti akadzabwera ndidzawayang'ana bwanji.

Lachinayi ndinaitana a Kamwendo, amene anandilumikizira makinawa. Nditawafotokozera anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anakhala pampando, anadina apa, anadina apo, n'kundifunsa.

"Ndiye mukufuna iziyambira pati, mayi? Pamwamba, pakati, pansi, kapena isamalire n'komwe?"

Chaka chathunthu sindinkadziwa kuti pali posankha. Ndinkayesa kuti makinawo anabadwa choncho, ngati tambala. Nditawafunsa chifukwa chimene anaiikira pamwamba, anati makina onse amene amakonza amawasiya pamenepo, chifukwa kasitomala akamva phokoso amakhulupirira kuti katundu ndi wamoyo ndipo sanamunamize. Anati palibe anadandaulapo. Ndinawauza kuti aitseke pakamwa. Anandichenjeza kuti ikamayaka mwakachetechete sindidzadziwa masipika akadzafa. Ndinati akadzafa ndidzawalira ndekha. Ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi imodzi.

A Kamwendo sindikuwada. Ananena zoona, ife Amalawi katundu timamuyesa ndi phokoso. Kodi munaonapo munthu akugula wailesi n'kupempha wogulitsa kuti ayese ngati imalankhula bwino motsitsa? Timakweza mpaka mashelefu anjenjemere, ndiye n'kutulutsa chikwama.

Taonaninso zimene zimachitika magetsi akathima. Wailesi imazima yokha, ife n'kuiwala kuti batani lake likadali poyatsa. Timakhoma chitseko, ulendo kumsika. Magetsi akabwera, mzere wonse umadzidzimuka nthawi imodzi, uku nyimbo, uku ulaliki, uku zidziwitso za maliro, eni ake kulibe. Khanda limene mayi wavutika nalo kuligoneka ladzuka. Wochokera ku ntchito ya usiku wadzuka. Tikabwerako timangotsitsa, osadziwa n'komwe kuti tazunza anthu maola awiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti makompyutawa akubwera. Lero m'Kawale muno mwina tilipo owerengeka, koma maofesi akugulitsa akale, ndipo ana athu akuphunzira. Posachedwa afika ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona. Amene anawapanga amakhala m'nyumba za mipanda, makoma okhuthala, neba ali kutali. Sadziwa nyumba imene ukayetsemula kuchipinda kwako, wa kuseri amakufunsa m'mawa ngati chimfine chayamba. Iwo anasankha kuti makina azipereka moni mokuwa, ndipo ife tangolandira osafunsa.

Ine ndikuti chinthu chiziyambira pansi, wofuna phokoso akweze yekha. Inu okonza makina, musanachoke pakhomo la munthu mufunseni funso limene a Kamwendo anachedwa nalo chaka chathunthu. Inunso ogula, funsani. Si umbuli.

Amayi Mhango anabwerako kumaliro Lamlungu. Lolemba ndinalimba mtima, ndinamanga chitenje, n'kukagogoda. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza zonse, za mbiri ija, za batani, za mphindi ziwiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira dzanja.

"Musavutike, a Nabanda," anatero. "Kanyimbo kaja ndikukadziwa. Nditakamva ndinadziwa kuti mwayamba kutayipa za abambo."

Mtima unakhala pansi. Ndinali pafupi kudzuka kuti nditsanzike pamene anapitiriza, mofatsa, ngati akukamba za mvula. Anati miyezi inayi yomaliza a Mhango sankagona chifukwa cha ululu. Tulo tinkawapeza kukucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Bedi lawo linali logunda khoma, pomwe pali tebulo langa mbali inayi. Ine ndimayatsa makina seveni koloko.

Anati kawiri konse anavala nsapato kuti adzandipemphe. Kawiri konse a Mhango anawaletsa.

"Ankati, 'Asiyeni amama agwire ntchito, ana awo adye. Ine ndigona masana.'"

Ananena zimenezi opanda mkwiyo, mwinanso pofuna kundionetsa kuti mwamuna wawo anali munthu wabwino. Ndinafunsa ngati ankagonadi masana. Anapukusa mutu.

Ndinatsanzika n'kubwerera kunyumba. Sabata yonse ndinali ndikudzidya ndi masekondi ochepa a Lachiwiri, kuopa zimene anthu anganene za ine. Za miyezi inayi ija palibe ananenapo kanthu, ndipo palibe adzanene. M'mawa uliwonse ndinkadzutsa munthu amene anali atangopeza tulo, ine ndikumwa tiyi, kudikira kuti makina ayake.

Mawa musanadine batani lililonse, imani kaye. Kodi kuseri kwa khoma lanu kwagona ndani, ndipo wakhala akukuchitirani ulemu kwa nthawi yaitali bwanji?