Ndapeza ndi Madzi Amene Anataya

Ndapeza Chimphepo anabwerera kwawo ku Bembeke ali ndi kalata yomuchotsa pakoleji. Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi azakhali ake, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti akuphunzira sayansi ya mankhwala. Atatsika minibasi anadzera njira ya kudimba kuti asakumane ndi anthu.

Chinamugwetsa ndi mayeso a mu labotale. Anapatsidwa ufa wa mankhwala awiri osakanikirana, wina wa asidi, wina wopanda asidi, kuti awalekanitse. Ufawo amausungunula m'mankhwala amadzimadzi amene sagwirizana ndi madzi, monga achitira palafini. Kenako amathiramo madzi a soda ndi kukhutchumula m'botolo lagalasi lokhala ndi kampopi kunsi. Asidi amasamukira m'madzi a soda, mnzakeyo n'kutsala, ndipo m'botolomo mumaoneka magawo awiri.

Ndapeza anali ataloweza kuti madzi amakhala pansi. Tsikulo anawapatsa chosungunulira cholemera kuposa madzi, choncho madziwo anali pamwamba. Iye anawakhuthulira m'sinki, asidi yense n'kupita nawo. Phunzirolo anali atalilephera kale kamodzi, ndipo uwu unali mwayi womaliza.

Chaka chathunthu anagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Azakhali ake sanamudzudzule, koma mabuku ake anakana kuwayatsira moto ngakhale iye anawauza kuti atero.

Tsiku lina anaima pamene ankagulitsirapo mayi Jesinta, amene ankasamalira labotale pasekondale ina ya m'deralo. Anali atamva za iye. Anamufunsa ngati angamathandize kutsuka magalasi a mu labotale. Ndapeza anayankha kuti manja ake ndi owononga. Mayiwo anangomuuza kuti Lolemba adzamudikira.

Anapita. Ankayenda maola awiri m'chifunga cha mu Juni, zala zitauma ndi chisanu. Patatha mwezi, mayi Jesinta anaika botolo la kampopi lija patebulo, muli magawo awiri, n'kumufunsa kuti madzi ndi ati. Ndapeza analoza gawo la pansi.

"Usaloweze, mwanangu. Donthezamo madzi pang'ono, uone kumene akukalowa," anatero mayiwo. "Ndipo usataye kanthu usanagwire ufa wako m'manja."

Mankhwala pasukulupo anali ochepa, choncho ankayeserera ndi timadontho. Nthawi zina ankaiwala kutsegula kampopi kuti mpweya utuluke, chivindikiro n'kuthuvuka. Ankapukuta n'kuyambiranso. Analembera kukoleji katatu kupempha kuti abwerere. Kalata yachitatu ndi imene inayankhidwa.

Pa mayeso obwereza anadontheza madzi, nawaona akutsikira pansi. Anatsegula kampopi, nalandira gawolo m'kapu, linalo n'kuliika pambali. Atathira asidi wamphamvu m'kapumo kuti ufa wa asidi uja ubwerere, munachita thovu, kenako munayera mbuu, ufa ukutsika ngati matalala. Mphunzitsi anauyeza, nagwedeza mutu, nalemba kuti wakhoza. Ndapeza anatuluka panja, nakhala pamasitepe n'kulira.

Lero amagwira ntchito mu labotale yoyeza ngati mankhwala a m'zipatala ali enieni, ndipo ana awiri a azakhali ake akuphunzira m'manja mwake.

Inu amene mwalephera ndipo mukuopa maso a anthu, dziwani kuti tsiku limodzi loipa silikwanira kuweruza moyo wa munthu. Bwererani pamene munagwera, mufunse chimene simunamvetse, muyesenso. Mtima wokhawo musautaye.