Anatijambula Tsiku Lozira

Uthenga unandipeza ndikusankha nyemba pakhonde, lichero lili pamiyendo. Amayi ogulitsa makala, oyandikana nane kuno ku Chinsapo, anatulukira chothamanga, chitenje chikumasuka: "Agogo, imbani nthungululu! Mwana sakupita!" Nyemba zonse mbwee pansi. Ndinavina, ine ndinavina, mawondo owawawa ndinawaiwala. Mdzukulu wanga sakupita, wondisiyira malemu mwana wanga sakupita, azigona pambali panga!

Koma mseru wa nkhaniyi sunandichoke mpaka lero.

Tili ndi gulu lathu lachifundo. Tinaliyamba ndife amayi a m'dera lino, kuphikira odwala, kuchapira okalamba, kugona pamaliro. Kale tinkakumana pabwalo la tchalitchi, pamphasa, aliyense n'kulankhula mpaka malovu kuuma. Kenaka panabwera atsogoleri atsopano, ana athu omwe, amvekere misonkhano imadya nthawi, zonse tizikambirana pa foni. Foni yanga ine ndi yamabatani, yongoti halo. Ambiri tinatsala kunja kwa gulu lathu lomwe.

Tsiku lina ndinkazira nyumba. Munthu ukamazira umatulutsa zonse. Mphasa, mapoto, zofunda, thumba la ufa, ndinaziika kuseri padzuwa. Ine ndavala sanza, mwana wavala sanza, matope mpaka m'makutu, akusalaza pansi ndi mwala kwinaku akuseka. Anatulukira mlembi wa gulu, mtsikana wansapato zazitali. Odi sanamalize, foni ili m'mwamba kale. Anajambula m'nyumba mopanda kanthumo, anajambula mwana, n'kundigwira phewa ndi zala ziwiri.

"Pepani agogo, Mulungu alipo."

Ndisanafunse kuti kwamwalira ndani, iye anali atapita.

Chithunzicho chinayenda m'mafoni. Analira m'mafoni, anapemphera m'mafoni, anagwirizana m'mafoni kuti mwana apite kosungira ana amasiye. Malo anapezeka, galimoto yodzamutenga inapezeka. Ine mwiniwake ndinamvera pampopi, kwa mayi wina amene anandiyamikira kuti ndalimba mtima popereka mwana. Kupereka! Ngati ndowa yobwereka! Ndinalavula pomwepo. Chifundo chanji chosafunsa? Chifundo chojambula mwana wa mwini ngati mbuzi yapamsika? Nyansi, ndithu nyansi.

Ndinayenda khomo ndi khomo kwa amayi akale a gulu. Tinapita kwa apampando n'kukakamira kuti tikumane pamphasa, maso ndi maso. Anakana, anazengereza, kenaka anavomera.

Tsikulo pabwalo panadzaza. Mlembi anakweza foni kuti onse aone chithunzi. Amayi a makala anachiyang'anitsitsa n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana iwe, kwanu simuzira? Si mwala wozirira uwu uli m'manja mwa mwanayu? Ukanazungulira kuseri ukanapunthwa pa thumba la ufa!"

"Nanga agogowo osanena bwanji?" anatero mlembi.

"Unawafunsa?"

Mlembi anatsitsa foni. Kenaka apampando anatembenukira kwa ine. "Agogo, chikukuvutani n'chiyani kwenikweni?"

Ndinanena zoona, pakuti mavuto ndili nawo. Mawondo awa sakundilola kusenza madzi. Denga likudontha pomwe mwana amagona. Zimenezo foni sinajambule. Atamva ine, enanso anatsegula pakamwa. Agogo ena anapatsidwa nsapato pomwe iwo ankafuna wowaperekeza kuchipatala. Ena anadwala mpaka kuchira gulu osadziwa, poti alibe foni. Koma ena anaumirira kuti malo apezeka kale, kubweza n'zamanyazi. Manyazi a iwo, mwana wa ine! Mkangano utakula anandipempha kuti ndizipita kunyumba, akambirane momasuka. Ndinapita mtima uli m'mwamba, n'kutenga lichero kuyamba kusankha nyemba.

Ndiye uthenga uja. Mwana atsala. Madzi azinditungira mosinthana, denga akonza anyamata a gulu, ndipo tizikumananso pamphasa, wafoni ndi wopanda foni yemwe.

Chithunzi chija akuti chikadali m'mafoni mwa anthu, mdzukulu wanga ali matope okhaokha. Ndikakumbukira ndimalavulabe.

Koma tsiku la uthengalo anthu anabwera, ee anabwera, anavina mpaka kufumbula pansi panga pozira bwino paja! Anabwera amayi a makala, anabwera agogo a nsapato aja, anabwera atelala a ku Biwi ndi akazi awo, mlamu wanga wa ku Kawale, amayi a pampopi aja akubisa nkhope, aphunzitsi a mwana, anyamata a denga, apampando ndi chipewa m'manja, ndi mlembi yemwe, amene anaima pakhomo n'kunena odi wake mpaka kumaliza.