Injini ya Madzi ndi Dambo la mu Foni

Chaka chimene matalala anang'amba fodya wanga yense ali m'munda, ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti ine basi, ndikupita ku Joni. Sindinamufunse maganizo. Ine ndine Phiri, mwamuna amene ndikaitana pachigafa cha fodya ankandimva ali kudambo. Sindikanakhala pakhonde n'kumadikira kuti ana a anzanga azindigawira mchere.

"Pa msinkhu wanuwo, aPhiri?" anatero iye. "Anyamata akubwerako opanda ndi nsapato zomwe."

"Amenewo ndi anyamata," ndinamuyankha.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma chimodzi ndinachigwira. Pakhoma panali mapu, ndipo aphunzitsi ankaloza ndi ndodo kuti pamwamba ndi kumpoto, pansi ndi kummwera. Ndiye ndinauza Nabanda kuti Joni ali kunsi, njira yonse ndi yotsetsereka, munthu sungatope. Anaseka mpaka anakhala pansi. Koma sindinalakwe kwenikweni. Kupita kunalidi kutsetsereka. Chitunda ndinachipeza pobwera.

Kwathu ku Njombwa dziko ndi lathyathyathya ngati mphasa. Dzina ndine Phiri, koma chimene ndinakwerapo ndili mwana ndi chulu. Chuma chathu chinali dambo. Kumtunda kwake kunali kasupe, madzi ankatsika m'kakhwawa mpaka m'dziwe limene tinkalitchula kuti la Milamba. M'mphepete mwa dziwelo munali dimba la malemu bambo anga, dothi lakuda bii. Fodya akatinamiza, dimba silinkanama. Ndinalisiya m'manja mwa Nabanda, ndinati ndikabwera ndi ndalama tidzalikuza.

Nditaona Zambezi ku Tete ndinavula chipewa. Ndinati uwu ndiye mtsinje, yathu ija ndi malovu. Ku Joni ntchito sinapezeke, ndinatsetserekabe mpaka ku Kepu, kumene ndinalowa ntchito m'munda wa mphesa. Mundawo unali m'chigwa, phiri uku phiri uku. Dzuwa linkachedwa kutuluka n'kufulumira kulowa. Munthu wobadwira pachidikha amafuna aone mvula ikubwera kutali, koma kumeneko maso ankangogunda mwala. Tsiku lina abwana anatitengera kugombe la nyanja yamchere. Ndinalawa madzi a m'nyanjayo n'kulavula. Madzi onsewo, osathirira nawo ngakhale phando limodzi la mpiru.

Mapepala anga anatha msanga. Mwamuna wopanda mapepala safuula. Mawu anga aja ndinawapinda n'kuika m'thumba, ndinasanduka munthu woyankha kuti inde bwana kwa kapitawo wa msinkhu wa mwana wanga. Ndalama zinkathera lendi ndi chakudya, zotsala ndinkatumiza kwathu, miyezi ina osatumiza konse. Lamulungu ndinkakhala pakama n'kumayang'ana khoma.

Amene anandipulumutsa ndi Gondwe, Mtumbuka wa ku Simlemba amene tinkagona chipinda chimodzi. Lamulungu lina anati, "Adada, kodi kwanu mukufuna kukuona?" Anatsegula foni yake, anasisita ndi zala ziwiri, dziko lonse n'kuoneka ngati mmene amalionera kabawi. Tinakwera kumpoto, tinapeza Kasungu, tinatsata msewu. Mayina a midzi munalibe, koma ine ndinati tsata chobiriwiracho. Linali dambo lathu, lagona ngati njoka pakati pa minda. Dziwe la Milamba lili apo, lakuda. Denga la chigafa changa lili apo.

Ndinafuula koyamba m'zaka zonsezo, mpaka a chipinda china anagogoda khoma.

Ndinagula foni yangayanga chifukwa cha dambo limenelo. Lamulungu lililonse ndinkalitsegula. Ndipamene maganizo anandibwerera: ndigule injini yopopa madzi. Ndi injini, dimba la bambo lidzafika mpaka kumtunda, tomato ndi anyezi chaka chonse, fodya ndidzamutsanzika. Ndinasiya nyama, ndinasiya shuga. Zotumiza kwathu ndinachepetsanso.

Nabanda ndinamuuza pa foni. Iye anati, "APhiri, dambo latha."

"Laphwa, mayi. Chilimwe chilichonse limaphwa."

"Sindinati laphwa. Ndati latha."

"Dambo limatha ngati sopo? Ine ndikuliona pano m'manja mwangamu, lobiriwira!"

"Chabwino, poti inu mukuliona," anatero, n'kuyamba kundiuza za maliro a kumpingo.

Ananenanso kawiri konse m'miyezi yotsatira. Ine ndinkati akazi amakonda kukuza zinthu kuti mwamuna atumize ndalama. Nanga makina a azungu oona kuchokera kumwamba anganame?

Munda wa mphesa utagulitsidwa, eni atsopano anati okalamba apume. Ndinanyamula injini yanga, yofiira, ya m'bokosi, ndi mapaipi ake. Pa basi anailipiritsa ngati munthu. M'malire monse ndinaitsitsa ndi kuikweza ndekha, msana ukulira. Zovala zina ndinagulitsa panjira kuti idutse. Ndinafika pa Njombwa ndi injini, foni, ndi jekete limodzi.

Sindinakhale n'komwe pansi. Ndinati Nabanda, tiye kudambo. Anamanga nsalu yake n'kunditsogolera.

Tinadutsa minda, tinadutsa pamene panali mitengo ya mikuyu, ine n'kumadikira kuti nthaka iyambe kufewa kumapazi. Sinafewe. Nabanda anaima pamphepete pa chigwembe chakuya kuposa munthu, pansi pake mchenga woyera.

"Tafika," anatero.

"Dziwe lili kuti?"

"Mwaliponda."

Anandifotokozera ngati akufotokozera mlendo. Mitengo ya kumtunda inathera m'zigafa ndi m'makala. Anthu atapanikizika ndi kuchepa kwa minda analima mpaka pakasupe penipeni. Mvula ikagwa madzi sakhalanso, amathamanga tsiku limodzi atanyamula mchenga wa m'minda yonse, n'kudzautaya pa dimba la bambo. Madzi akumwa amakatunga kumjigo wa kusukulu, pamzere.

Ndinatulutsa foni. Kadontho kosonyeza pamene ndaima kanali pakati penipeni pa dziwe lakuda. Ndinamuonetsa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kuloza ndi chala.

"Chigafa ichi chinagwa chaka chimene munachoka. Chithunzi chanuchi n'chakale kuposa ulendo wanu." Anandibwezera foniyo. "Lumikizani paipi yanu pamenepo, aPhiri. Mwina mutunga."

Sanaseke. Bola akanaseka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dzina lilipobe. Azimayi amati tikupita kudambo, akupita kukatapa mchenga wogulitsa kwa omanga nyumba. Amati tikumane padziwe, akutanthauza pouma pamene pamaima ngolo. Mawu onse amene ndinakula nawo, kasupe, khwawa, dziwe, akuyendabe m'kamwa mwa anthu ngati ana amasiye.

Injini ili kuchipinda, sinalawepo dontho. Wina wa ku Chisemphere anabwera kudzaifuna pa mtengo wachipongwe, ndinamuthamangitsa, ndipo mudzi wonse unamva kuti Phiri anabweradi. Koma ufa ukutha, ndipo Nabanda akayang'ana bokosi lija ndimadziwa chimene akuwerengera. Wandipatsa mpaka mvula yoyamba kuti ndipeze madzi, apo ayi injini igulitsidwe.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimatenga khasu ndi fosholo n'kutsikira m'chigwembe, pamene kadontho ka mu foni kamati ndi pakati pa dziwe. Madzi amene anakhala pamenepo kuyambira makolo sangapite onse, ena ayenera kuti anabisala pansi. Odutsa amaima pamwamba n'kumati, "Madala, mwaipeza milamba?" Ine ndimangokumba. Dzenje lafika m'khosi. Dzulo ndinafinya mchenga wa pansi m'dzanja, unagwirana pang'ono, ndipo ndinathamanga nawo kunyumba ngati mwana.

Nabanda anaugwira, anaununkhiza, n'kundiyang'ana kumaso.

"Ndi thukuta lanu ili, aPhiri," anatero. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu lake.