Mjeremani Pamsika

Lero ndachita zamanyazi. Chaka chonse ndakhala ndikudziphunzitsa Chijeremani ndi buku long'ambika, kuti boma likamatumiza ana kukaphunzira ku Jeremani, lidzandisankhe. Amayi anandimasula pa ntchito yogulitsa mbatata kuti ndiziwerenga. Koma ndimayeserera pa mbuzi zathu zokha, ndipo mbuzi sizifunsa mafunso.

Masana ndinawaperekera amayi chakudya kumsika. Kunabwera Mjeremani wa kumigodi ya ku Moatize.

"Mwana wanga amalankhula chakwanu," amayi anamuuza m'Chipwitikizi, monyadira. "Iwe Rosa, alonjere abambowa."

Ine n'kuti nditanjuta kale kuseri kwa matumba, ndikunamizira kumanga zingwe za nsapato, chonsecho ndinavala patapata. Mzunguyo anadikira, kenako anagula n'kumapita.

Amayi sanakalipe. Anangoti, "Kuyambira mawa uziwerengera pamsika pano. Akuti abweranso Loweruka."