Mphere za Dzanja Lamanja

Chitangotha chilala chija tinkadya ufa wachikasu, m'nyumba mwathu ku Kapichila munalowa mphere, ndipo zinayamba ndi ine. Ndinali mtsikana wotha msinkhu, woyimba kwaya, wodzimva ndithu. Ndiye taganizani tiziphuphu pakati pa zala, toyabwa moti ukayamba kukanda umayiwala kuti uli pagulu. Posakhalitsa azing'ono anga awiri anayamba kudzikhula pamtengo wa mango, adada nawo n'kumawerenga Baibulo ndi dzanja limodzi, linalo lili pantchito.

Kumene ndinazitenga ndinkakudziwa ndekha. Panali mnyamata wina wa ku Kasungu, mbali ina ya malire, amene ankagwira ntchito m'munda wa fodya kutsidya kwa dambo, ndipo ankayimba besi m'kwaya yathu. Tikaweruka kophunzira nyimbo ankandiperekeza mpaka pamene njira imakhotera m'munda wa mtedza, n'kundipatsa moni wotsanzikana. Moniwo unkatalika. Anthu ena amagwirana chanza n'kutayana, koma ife tinkafunsana za mvula, za mbuzi, za odwala a kwawo amene sindinkawadziwa n'komwe, manja ali chigwiranecho. Kumsasa kumene ankagona ndi anzake aliyense ankakanda. Walira mvula walira matope.

Kuulula sindikanatha. Adada anali mkulu wa mpingo, ndipo ankanena poyera kuti anyamata a m'mafodya amabwera ndi mvula, fodya akagulitsidwa amaoloka malire osatsanzika, ana a eni n'kutsala akulira. Ndinkaopa kuti akangomva andiletsa kwaya, mnyamatayo osadzamuonanso. Ndinkamukonda kwambiri, ndisaname.

Pa nkhani ya mphere amama anali katswiri, mudzi wonse unkawadziwa. Lamulo lawo linali limodzi.

"Mphele sitichilitsa munthu m'modzi," ankatero. "Onse ogwilana, tsiku limodzi."

Loweruka lina anatereka mgolo pamoto n'kuphikamo mabulangete ndi zovala zathu zonse. Mphasa anaziyanika padzuwa. Ife anatikusira kudambo, aliyense chitsononkho m'manja, kuti tidzikhule mpaka tiziphuphu titatseguka. Amene ankadzimvera chisoni, amama ankamulanda chitsononkho n'kumukhula okha. Kenaka anatitsira madzi a masamba a ombwe osinja. Azing'ono anga analira mokweza moti amayi otsuka mbale kumtunda anabwera kudzaona amene walumidwa ndi njoka. Tikuuma, anatidzoza salufa, ufa wachikasu wogula kumsika wa Lundazi, wosakaniza ndi mafuta odzola. Salufa amanunkha ngati dzira loola. Mawa lake kutchalitchi adada anakhala pabenchi la akulu a mpingo okhaokha, anzawo atasendera kumapeto ngati akuwapatsa ulemu.

Tonse tinapola. Koma zanga sizinachedwe kubwerera, ndipo zinabwerera dzanja lamanja lokha.

Apa amama anagwira njakata. Anayesa madzi onyikamo zinyenyeswa za fodya, amene ankaluma ngati tsabola. Zinapola, n'kubweranso. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi oyilo wakuda wa kuchigayo, akulumbira kuti mlamu wake anachira ndi oyiloyo. Ndinayenda ndi dzanja lakuda bii, khungu n'kupsa, kusupuka, amama ndi mayiyo mpaka anasiya kubwerekana mchere. Pachitsime anthu anayamba kunong'onezana kuti sing'anga walephera mwana wake yemwe. Zimenezo zinkandipweteka kuposa mphere, chifukwa mankhwala a amama analibe mlandu.

Ndinamuuza mnyamata uja kuti moni wa chanza tiuleke.

"Ndiye tizipatsana moni bwanji?" anafunsa. "Chapatali, ngati munthu ndi apongozi ake?"

"Eya, ngati apongozi."

Tsiku limenelo anayima kutsidya kwa njira, n'kunjuta, n'kuomba m'manja mwaulemu, ine ndikufa ndi phwete. Sabata yotsatira tinaiwala tonse awiri.

Tsiku lina masana tikusenda mtedza pakhonde, amama anakankhira lichero pambali n'kundigwira manja onse awiri. Anawatembenuza uku ndi uku, kutambasula zala chimodzichimodzi.

"Lamanzele lili bwino," anatero. "M'khwapa mulibe, pamimba palibe. Ni dzanja la moni chabe. Iwe, mphele zako zimayimba kwaya?"

"Bwanji amama?"

"Zimabwela ukachoka kukwaya."

Ndinayesa kuzemba, ndikuti kukwaya timapatsana moni tonse.

"Nawayang'ana zala anzako onse pa Sande, pamene anali kuomba m'manja. Palibe wokanda. Wokanda ni m'modzi chabe, uja wa besi. Amayimba bwino, koma buku la nyimbo amagwila monga lili na moto."

Ndinangoyang'ana makoko a mtedza, misozi ili lengelenge.

"Amama, chonde musawauze adada."

Anakoka lichero n'kupitiriza kusenda, ngati palibe chimene chanenedwa.

M'mawa mwake adada anawakweza amama panjinga, ulendo wa kuboma. Awiriwo panjira yaitali ngati imene ija, ndinadziwa kuti nkhani yanga ndiyo kamba wa paulendo. Tsiku lonse mtima unali m'mwamba. Ndinasesa bwalo losesa kale, ndinapsereza nyemba, ndinakalipira azing'ono anga popanda chifukwa. Ndinafika pokonza ndi mawu omwe otsanzikira anzanga a kwaya.

Atabwera, adada analowa m'nyumba osandiyang'ana. Amama anandiyitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumasula chitenje. Munali chitini cha salufa chachikulu, choti n'kudzoza mudzi.

"Zonsezi za dzanja limodzi?" ndinafunsa.

"Ni za iye na anzake onse a kumsasa. Aphike mabulangeti, mphasa padzuwa, adzikhule na chitsononkho osadzimvela chifundo. Onse tsiku limodzi. Ukapeleke na mng'ono wako, ndipo chitini uike pansi, atole yekha."

"Nanga adada?"

"Awiso akuti mnyamata waulemu amapeleka moni pakhomo, osati m'munda wa nshawa. Ngati ni munthu wokhala, abwele na amalume ake. Ngati ni wothawa, mankhwala atenge ndithu, ayende bwino. Koma asabwele asanapole. Awiso akuti kununkha salufa kawili chaka chimodzi sangakwanitse."

Ndinaseka ndikulira, amama n'kundiuza kuti ndipukute mamina ndisadetse chitini.

Uthengawo ndinakaupereka wonse, osachotsapo. Mnyamatayo anamvetsera ali chilili, akukanda, n'kutola chitini chake. Anyamata a kumsasa anamvera malangizo, ndipo sabata imeneyo aliyense wodutsa kudambo ankatseka mphuno. Kenaka fodya anagulitsidwa, anyamata aja anamanga katundu n'kuoloka malire, iye pamodzi nawo. Masiku amenewo chakudya sichinkandilowa.

Loweruka lina chakumasana, azing'ono anga anabwera akuthamanga kuti kukubwera alendo panjinga. Ndinasuzumira pazenera la khitchini. Anali iye, atavala jekete lobwereka lomufika m'mawondo, kumbuyo atakweza bambo wachikulire wa chipewa, amalume ake. Adada anatuluka pang'onopang'ono. Mnyamatayo anagwada n'kutambasula dzanja. Adada sanalilandire msanga. Analigwira pamkono, kulitembenuza, n'kuyang'ana pakati pa zala. Atakhutira, anamugwira chanza.

"Monire, mwana wane," anatero. "Khalani pasi."