Njira ya Njinga pa Katoni ya a Nyirenda

A Greenwell Nyirenda, kalaliki wa ku Rumphi, anafika ku Lilongwe mu 1975, pa lole ya mafayilo yochokera ku Zomba. Ine ndinali wotayipa mu ofesi yawo ku Kapitolo. Munthu wokonda malamulo ngati ameneyo sindinamuonenso, ndithu!

Pa katoni yosamukira anajambulapo masewera oti tizisewera nthawi ya nkhomaliro. Aliyense amatenga chitsekerero cha botolo, ndiye munthu wake, nkusankha njira: ya cholembera ya kalaliki, ya chiwongolero ya dalaivala kapena ya njinga ya mesenjala. Ukaponya dayisi umalandira nyemba. Zikakwana khumi, wakwezedwa.

Koma abale, anajambula ndendende momwe boma limakwezera anthu! Njira ya kalaliki inali ndi makwerero khumi ndi awiri, ya mesenjala atatu okha. Ifenso mwaulemu aliyense ankasewera ntchito yake yomwe.

A Lemson, mesenjala wa ku Nathenje, ndiwo anali mnzawo yekhayo mumzinda muno, amene anawaonetsa msika ndi pokwerera basi. Pamasiku atatu anafika pamapeto pa njira yawo, nkumangotionerera. Kenako anasiya kubwera. Moni anasanduka wa "Wawa bwana" basi.

Zinawapweteka a Nyirenda. Loweruka anatenga katoni ija kukhwapa, ine pambuyo, mpaka ku Old Town. Tinawapeza a Lemson pabawo kuseri kwa sitolo ya Mmwenye.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani?"

"Bwana, tsiku lonse ndimanyamula mafayilo. Ndikanyamulenso mafayilo posewera? Pabawo pano mesenjala amadya bwana."

A Nyirenda anachotsa cholembera m'thumba, chija sankabwereketsa munthu aliyense.

"Konzani nokha."

Ine ndinkati a Lemson alumikiza njira yawo ku mpando wa bwana wamkulu. Ayi ndithu. Anakoka mzere kuchokera pa njinga, kudutsa maofesi onse, mpaka kutuluka m'mphepete mwa katoni. Anaitembenuza, nkumajambula kumbuyo: dimba, ngolo, ng'ombe zisanu, chigayo.

"Imeneyi ikupita kuti?" anafunsa a Nyirenda.

"Kwathu. Kulibe belu loitanira munthu."

A Nyirenda anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka misozi.

"Nanga kalaliki angadutseko?"

"Ayambe wakwera njinga."

Lolemba masana a Lemson anakhala pakati, akugawa nyemba. A Nyirenda, tayi ili pakhosi, anakankhira chitsekerero chawo pa njira ya njinga.

"Ndiyambire pati, achimwene?"

"Pansi penipeni, bwana," anatero a Lemson. "Tengani fayilo."