Pikapu Yomwe Inkafa Lachinayi

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana atatu ndi pikapu yoyera ya petulo, yakale kuposa mwana wathu woyamba. Pogawa katundu akuchimuna anagwirizana kuti galimotoyo isagulitsidwe, izidyetsa anawo. Alamu anga, akulu awo a malemuwo, aziyendetsa Lolemba ndi Lachiwiri, kunyamula anthu kuchoka kumudzi kwathu kupita pa Sinda, pafupi pomwepa. Ine, poti layisensi ndinali nayo kale, ndizitenga Lachinayi ndi Lachisanu, kunyamula amayi a mtedza kupita kumsika wa Katete.

Poyamba zinayenda. Kenako galimoto ija inayamba kundichititsa manyazi. Alamu akaitenga inkapita n'kubwera bwinobwino, iwo chigongono pawindo. Ine ndikangolowa mumsewu wa tala, imvekere kukhosomola, kugwedeza, kenako zii. Amayi aja ankatsika, kumanga zitenje zolimba n'kuyamba kukankha, uku akuseka, koma ine kuseka kunalibe. Tsiku lina tinachita kusamutsira matumba onse mu minibasi, ine n'kutsala padzuwa ndi galimoto yakufa mpaka thirakitala ya munthu wachifundo inadzatikoka.

Alamu anati vuto ndi pampu ya mafuta, ija imakhala m'thanki. Sanalakwe kuganiza choncho, chifukwa galimoto inkafa ngati yatha petulo pamene thanki ili ndi mafuta. Anagula pampu ina, anaimanga Loweruka, Lolemba anaiyesa okha, inathamanga. Lachinayi inandifera pomwe paja. Apo nkhani inasintha. Kumudzi anayamba kunena kuti galimoto ikukana dzanja la mkazi, ena amvekere malemu sakufuna. Zimenezo zinandipweteka kwambiri, chifukwa amene anandiphunzitsa kugwira chiwongolero ndi malemu omwewo, m'bwalo la sukulu, akundikalipira ndikasiya kilatchi mwaphuma.

Madzulo ena alamu anabwera, anakhala pampando pakhonde, chipewa pabondo.

"Alamu, sitikukuimbani mlandu," anatero. "Koma abale akuti ikafanso tiigulitse isanathere m'manja. Kuli munthu ku Katete akuifuna kuti aziphwasula zitsulo."

Ndinangowaperekeza mpaka pamsewu. Ndikanayankha ndikanalankhula zoti mawa n'kupepesa.

Sabata imeneyo Lachinayi sindinanyamule munthu. Ndinapita ndekha, ndikupemphera chamumtima, ndipo inandifikitsa movutikira pagalaja ina kuseri kwa msika wa Katete, n'kuzima pakhomo penipeni. Makaniko wake anali bambo wamfupi wodziwa za mawaya, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Ndinawauza kuti pampu yatsopano nayonso yafa. Iwo sanathamangire thanki. Anandiuza kuti nditembenuze kiyi osaliza injini, iwo khutu pafupi ndi thanki.

"Mwaimva? Ilira, koma ilira monga yadwala," anatero. "Pampu ili che bwino, amayi. Ili na njala ya malaiti."

Anabweretsa batire lawo, anamangirira, galimoto inalira nthawi yomweyo. Kenako anaika kamita kawo koyezera magetsi pabatirepo injini ikuyenda, n'kupukusa mutu. Anandilongosolera kuti galimoto ili ndi chipangizo chotchedwa alitaneta, chomwe chimadzaza batire injini ikamazungulira, ndipo changa sichinkadzaza chilichonse. Pampu ya m'thanki imayendera magetsi, ndiye batire likafooka imalephera kukankha petulo. Anagwira lamba, anali wolimba. Anayang'ana mawaya, anali malo ake. Kenako anaima, manja m'chiuno.

"Manje chinidabwisa ni ichi. Motoka yosachita chaji siingayende masabata onse aya. Ndani amene achajisa batire iyi?"

"Palibe," ndinatero. Ndisanatseke pakamwa ndinakumbukira kwaya.

Kutchalitchi kwathu magetsi kulibe. Kuyambira kale amuna anga ankamasula batire la galimoto Loweruka lililonse n'kukapereka kwa a kwaya kuti aziyimbira kiyibodi ndi sipika. A kwaya, pofuna kuthokoza, ankaliika pa sola ya kunyumba ya abusa n'kulibweza Lamulungu madzulo lili lodzaza. Maliro atatha palibe anaganiza zosiya mwambowo, ndipo ineyo ndimayimba alito m'kwaya momwemo. Ndiye alamu ankatenga galimoto batire lili lokhuta, ine n'kumalandira makombo.

Makaniko uja anaseka mpaka kukhala pansi patayala. Atatha anandiitana kuti ndiyang'ane padashibodi, iwo n'kutembenuza kiyi. Panayaka kanyali ka oyilo kokha. Anati pamayenera kuyakanso kena kofiira kooneka ngati batire, ndipo pa magalimoto akale ngati yangayo kanyali kameneko ndi komwe kamadzutsa alitaneta kuti iyambe ntchito. Kababu kake kanali katapsa. Ndani amayang'ana nyali yomwe sikuyaka? Anamasula dashibodi, anaikamo kababu kochepa ngati njere ya nyemba, analiza injini, kanyali kanayaka n'kuzima, ndipo manambala a pa kamita kaja anakwera. Ndinalira, ndinene zoona, ndipo bambo aja anachita ngati akufuna sipanala ina m'bokosi.

Alamu nditawauza anangoti, "Kababu? Chabwino, tiona." Sindinawatsutse. Loweruka ndinakauza a kwaya kuti sabata ino batire silichoka m'galimoto. Anadandaula, ena anandiyang'ana cham'mbali, koma Lamulungu tinayimba ndi ng'oma ndi m'manja, ndipo Mulungu anamva ndithu. Ndinkafuna galimoto iyende sabata yathunthu ndi mphamvu yakeyake, kuti pasakhale wonena kuti sola ya abusa yandithandiza.

Lachinayi m'mawa ndikukweza amayi a mtedza, ndinaona alamu akubwera ndi thumba lawo paphewa. Analiponya kumbuyo, anatsegula chitseko cha kumanzere n'kukhala. Anali asanakwerepo ine ndikuyendetsa. Njira yonse khutu lawo linali ku injini. Titafika pamalo pomwe inkafera paja, amayi a kumbuyo anasiya macheza. Tinadutsa. Mmodzi analuluta, enawo n'kulandira, mpaka anthu a panjinga ankatembenuka kuyesa ndi ukwati.

Ku Katete tinapeza munthu wa zitsulo uja akudikira pamsika, poti anali atauzidwa kale kuti galimoto ibwera tsiku limenelo, yoyenda kapena yokokedwa. Anaizungulira, anamenya tayala ndi nsapato, n'kupita molunjika kwa alamu kukafunsa ngati akambirane.

Alamu anatsitsa thumba lawo, analiika pansi, anapukuta manja pathalauza. Kenako anandiloza ndi chipewa.

"Ine ndangokwera nawo," anatero. "Eni ake ndi awo, ndipo sindikuona ngati akugulitsa."